Za Epic kuphangira magemu: ine ndaima mbali yodedwayo

Mkangano uwu sutha ayi. Unabuka mu 2019 koma mpaka lero ukangotchula Alan Wake 2 pakati pa anthu osewera magemu pa kompyuta, wina amadzuka n'kunena kuti iye sadzagula gemu imeneyo mpaka tsiku lomwe idzafike pa Steam, shopu yaikulu ya magemu pa intaneti, ati Epic, eni ake a shopu ina yomwe gemuyo ikugulitsidwa, ndi adyera, amagula magemu n'kuwatsekera mu shopu yawo kuti tonse tipite kumeneko mokakamizidwa. Mnzanga wina wandiuza zomwezi posachedwapa, munthu woti Alan Wake yoyamba ija ya 2010 anaisewera kawiri konse, koma yachiwiriyi akuti bola aimvere kwa anthu. Tinakangana mpaka mawu kusasa, aliyense kudula mnzake pakamwa, nde ndati bola ndikhale pansi ndilembe.

Mbali yanga ndi iyi: madilu a exclusive, oti gemu izigulitsidwa mu shopu imodzi yokha, makamaka aja a miyezi 6 kapena chaka chimodzi, si umbava. Ndi chida chokhacho chomwe shopu yatsopano inali nacho chomenyera Steam, ndipo opanga magemu amene analandira ndalamazo anachita zomwe munthu aliyense wanzeru akanachita. Pali pomwe Epic inalakwa zedi ndipo ndipatchula osabisa, koma mkwiyo wambiri womwe ndimauona ndi wa anthu oti anazolowera msika umodzi mpaka anaiwala kuti msikawo uli ndi mwini wake. Ndinenerenso poyera kuti magemu anga ambiri ali pa Steam ndipo ndimaikonda, musaganize kuti pali chomwe a Epic andipatsa.

Tiyambe ndi masamu poti nkhondo yonseyi yagona pa peresenti. Steam ndi ya kampani ya Valve, ya a Gabe Newell, inatsegulidwa mu 2003, ndipo kwa zaka zambiri lamulo lake linali limodzi: gemu ikagulidwa, 30 peresenti ndi ya shopu. Mu Disembala 2018 Epic, thumba litatupa ndi ndalama za Fortnite, inatsegula Epic Games Store n'kunena kuti ife tizitenga 12 peresenti basi, ndipo ngati gemu yako unaipangira pa Unreal Engine, injini yathu yopangira magemu, ka 5 peresenti komwe umayenera kutilipira pa injiniyo usalipire pa zonse zogulitsidwa mu shopu yathu. Tengani gemu ya $60. Pa Steam wopanga amatsala ndi $42, pa Epic amatsala ndi $52.80. Kusiyana kwa $10.80 kukuoneka ngati kochepa koma chulukitsani ndi makope 100,000 muone, yadutsa kale $1 miliyoni, malipiro a anthu angapo a chaka chathunthu amenewo.

Apa ndi pomwe dandaulo lomveka kwambiri limalowera. Anthu amati, ngati dilu yanu ndi yabwino chonchi, bwanji osangomanga shopu yabwino kuposa Steam, makasitomala abwere okha? Mpikisano weniweni ndi wa mtengo ndi ntchito, osati kugula katundu yense n'kumubisa kuseri. Kumveka kwake n'kwabwino, koma aliyense amene anayesapo kutsegula golosale moyandikana ndi golosale yakalekale akudziwa kuti anthu sasamuka chisawawa. Pa Steam munthu ali ndi magemu ake a zaka khumi, anzake onse ali pompo, ma save ake, ma mod (zowonjezera pa gemu zomwe osewera amapanga okha), khadi yake inalembedwa kale, ndipo 12 peresenti ija iye samaiona n'komwe poti ndi nkhani ya wopanga ndi shopu. Wopanga amapita komwe kuli ogula, ogula amakhala komwe kuli magemu, gudumu likungozungulira pamalo amodzi. Ndipo si kuti palibe anayesapo njira yofatsayo. GOG, yomwe anayambitsa a CD Projekt aku Poland mu 2008, imagulitsa magemu opanda loko, ukagula fayilo ndi yako, ukhoza kuisunga pa hard drive n'kuiika pa kompyuta opanda intaneti. Kwa kasitomala palibe dilu yoposa imeneyo, koma zaka zonsezi GOG yangokhala kashopu kapambali. EA inachotsa magemu ake atsopano pa Steam mu 2011 n'kudalira shopu yake ya Origin, mu 2019 inabwerera. Ubisoft inachoka mu 2019, kumapeto kwa 2022 inali itabwerera ndi Assassin's Creed Valhalla. Ngakhale Call of Duty, dzina lalikulu chonchija, mu 2022 inabwereranso. Nde ngati akuluakulu amenewa anagonja, mawu oti "ingomangani shopu yabwino" ali ngati kuuza munthu wa kabaza kuti apikisane ndi basi pongopukuta njinga yake iwale.

Dandaulo lachiwiri ndi la ufulu wosankha. Akuti ine ndi ndalama zanga, bwanji wina andisankhire kogula? Ili ndimalimva, koma tisakulitse chilonda. Exclusive ya pa PlayStation kapena Nintendo imatanthauza kuti ugule makina ena a madola mazanamazana. Kuonera Premier League kuno kwathu kumafuna dikoda ndi kulipira mwezi ndi mwezi, poti ufulu woulutsa mpirawo anagula ndi kampani imodzi, ndipo timalipira uku tikung'ung'udza. Exclusive ya Epic ndi launcher, pulogalamu yogulira ndi kutsegulira magemu, yaulere pa kompyuta yomweyo, akaunti ina, pasiwedi ina yoiwala. Mtengo wake ulipo, sindikana: kwa ife ogula bandulo launcher iliyonse yowonjezera ndi ma update owonjezera, pa laputopu yofooka ndi pulogalamu ina yodya RAM, ndipo anthu a Linux ndi Steam Deck, kamakina kam'manja ka Valve kosewerera magemu, alibe launcher yovomerezeka ya Epic, amadalira mapulogalamu opangidwa ndi anthu ena monga Heroic. Izi n'zotopetsa ndithu. Koma kutopetsa ndi kulandidwa ufulu n'zosiyana, ndipo chomwe chimandiseketsa n'chakuti Steam yomweyo inakula chimodzimodzi. Mu Novembala 2004 Half-Life 2 itatuluka, ngakhale wogula CD m'sitolo ankayenera kuika Steam kuti gemu itseguke, ndipo anthu anatukwana koopsa, nthawi imeneyo intaneti ili yokwawa. Lero Counter-Strike 2 ndi Dota 2 simungazipeze kwina. Kuwonjezera apo pali magemu masauzande omwe pa kompyuta amapezeka pa Steam pokha popanda pangano lililonse, kungoti wopangayo anaona kuti kwina kulibe anthu. Imeneyo ndi exclusive yopanda siginecha, ndipo palibe amaidandaula chifukwa ili mu shopu yomwe tili kale.

Tsopano wina ayankha, ndipo yankho lake ndi lanzeru: Valve inatsekera magemu opanga yokha, pomwe Epic ikulipira anthu ena kuti asagulitse kwa mpikisano wake, zimenezo n'zosiyana. Eya n'zosiyana, koma tiyeni tione bwinobwino. Pa Alan Wake 2 mfundoyi sigwira n'komwe, chifukwa Epic ndi yomwe inalipira ntchito yopanga gemuyo ndipo ndi yomwe inaisindikiza mu Okutobala 2023. A Remedy aku Finland anakhala zaka 13 akufuna kupanga gawo lachiwiri, ndalama osapezeka, mpaka anakapanga Quantum Break ndi Control kaye. Wotulutsa ndalama akafuna kuti katundu agulitsidwe mu shopu yake, chodabwitsa n'chiyani? Popanda Epic si kuti gemuyo ikanakhala pa Steam, mwina sikanakhalapo n'komwe. Anthu amati inachedwa kubweza ndalama chifukwa chosakhala pa Steam, ndipo n'zoona kuti inafika kumapeto kwa 2024, itadutsa makope 2 miliyoni, isanayambe kupatsa Remedy phindu la pamwamba. Mwina pa Steam ikanathamanga. Koma amene ankadikira ndalama zake nthawi yonseyo ndi Epic, antchito a Remedy malipiro awo ankalandira.

Kwa magemu ena aja omwe Epic sinapange, chomwe inkapereka kwenikweni ndi lonjezo la ndalama: gemu igulidwe kaya isagulidwe, mulandira zakutizakuti. Munthu woti anakulira kumudzi kolima fodya sakufunika kumufotokozera zambiri apa. Mlimi wa kontirakiti amalandira feteleza ndi mbewu, amadziwiratu womugula, koma amalonjeza kuti sagulitsa kwina. Mlimi wa payekha ali ndi ufulu wonse, ndipo ufulu umenewo ukuphatikizapo kubwerera ndi mabelo ake atakanidwa ku okushoni. Kupanga gemu ndi zaka zitatu kapena zinayi ukudya ngongole, kenako uitulutsa pa Steam sabata yomwe magemu ena mazana atulukanso, ndipo ambiri amangomira osaonedwa. Anthu awiri omwe ankapanga Ooblets ananena poyera mu 2019 kuti Epic yawalonjeza ndalama zofanana ndi zomwe ankayembekeza kupeza m'mashopu onse pamodzi. Pa Control, kampani ya Digital Bros, mwini wa kampani yomwe inasindikiza gemuyo, inalemba m'malipoti ake kuti inalandira ma euro 9.49 miliyoni kuchokera ku Epic, gemu isanatuluke. Hades inayambira pa Epic mu Disembala 2018 ili yosamalizidwa, a Supergiant anaikonza chaka chathunthu, inafika pa Steam mu Disembala 2019 itakonzedwa kwambiri ngakhale inali isanamalizidwebe, ndipo ogula a pa Steam sanataye kanthu kupatula kudikira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Inuyo mutakhala ndi antchito 20 oti muwalipire pa 30, mungakane cheke chifukwa choti anthu osawadziwa akwiya poika launcher yachiwiri?

Komabe pali pomwe otsutsa akunena zoona ndipo sindiwaphimba pakamwa. Metro Exodus inali ikugulitsidwa kale pa Steam, anthu akulipiriratu, nde kumapeto kwa Januwale 2019, kutatsala masabata awiri ndi masiku ochepa kuti ituluke pa 15 Febuluwale, a Deep Silver, osindikiza gemuyo, analengeza kuti yasamukira ku Epic kwa chaka. Omwe analipira kale anailandirabe pa Steam, koma ena onse anangopeza chitseko chatsekedwa, mpaka Valve inalemba pa tsamba la gemuyo kuti izi si chilungamo kwa makasitomala ake. Shenmue III ndiye inanyanya. Anthu anasonkha ndalama zoposa $6 miliyoni pa Kickstarter mu 2015, ambiri akuyembekeza kope la Steam, kenako mu Juni 2019 anangomva kuti ndi ya Epic, ndipo zobweza ndalama zinabwera phokoso litakula kale. Phoenix Point nayonso chimodzimodzi. Uku ndi kulandira chikole cha mbuzi kwa munthu wina kenako n'kukaigulitsa kwa wina amene wabwera ndi zambiri, ndipo palibe masamu a peresenti omwe angayeretse zimenezo. Ndiwonjezereponso Rocket League: Epic itagula Psyonix mu 2019, chaka chotsatira anasiya kusamalira gemuyo pa Linux ndi Mac, kenako anaichotsa pa Steam kwa ogula atsopano. Zonsezi n'zoipa. Koma taonani chomwe chikuipa pamenepa, ndi kuphwanya lonjezo lomwe linaperekedwa kale. Borderlands 3 analengezeratu miyezi ingapo isanatuluke kuti ikhala pa Epic miyezi 6, inatuluka mu Seputembala 2019, mu Malichi 2020 inali pa Steam. Ndani ananamizidwa pamenepo? Koma anthu anapita kukaipitsa ma review a Borderlands zakale pa Steam ngati kuti magemu akalewo asintha usiku umodzi, ndipo aja a Ooblets analandira mauthenga achipongwe ndi owopseza osawerengeka, anthu awiri opanga kagemu kolima ndi kuvina. Pamenepo sitikukambanso za ufulu wa kasitomala.

Dandaulo lina ndi lakuti shopu ya Epic ndi yoipa basi. Apa sinditsutsa, ndikuvomera ndi manja awiri. Shopu yoti inatsegulidwa mu 2018 koma basiketi yoikamo magemu angapo n'kulipira kamodzi inabwera mu Disembala 2021, zaka zitatu, ndi zamanyazi. Launcher yake ndi yolemera, kufufuza gemu n'kovuta, malo okambirana ndi ma review onga a pa Steam kulibe. Pomwe Valve 30 peresenti ija si kuti imangoidya, inapanga Proton mu 2018 yomwe inapangitsa magemu a Windows kuyenda pa Linux, inatulutsa Steam Deck mu 2022, ma controller a mitundu yonse amagwira. Kungoti kuipa kwa shopu ndi mlandu wa shopuyo, ndipo chilango chake ikulandira kale poti anthu amalowa, kutenga chomwe abwerera, n'kutuluka. Sikusandutsa pangano la wopanga ndi shopu kukhala umbava. Ndipo Epic ikudziwa kuti ndi yosaoneka bwino, paja amati ukaipa dziwa nyimbo, nyimbo yake ndi magemu aulere sabata iliyonse. Anthu a ku Ulaya ndi America amaseka zimenezi ngati nyambo chabe, ndipo ndi nyambodi, koma kwa munthu wa kuno woti kulipira $60 pa intaneti kumafuna khadi yololedwa kugula kunja, forex yosowayi, komanso malipiro a mwezi, nyambo imeneyo ndi njira yomwe ambiri anapezera magemu awo oyamba ovomerezeka, osati aja okopera pa flash obwera ndi mavairasi. GTA V itaperekedwa ulere mu Meyi 2020 shopu yonse inagwa kwa maola ndi kuchuluka kwa anthu. Steam isanakhale ndi womupumira m'khosi, gemu ya saizi imeneyo munailandirapo yaulere liti?

Za Tencent ndingodutsa mwachangu. Inde kampani ya ku China imeneyi inagula pafupifupi 40 peresenti ya Epic mu 2012, koma wolamulira ndi Tim Sweeney, ndipo Tencent yomweyo ndi mwini wa Riot Games yense, anthu omwewo akusewera League of Legends ndi Valorant osadandaula.

Funso lolemera kuposa onse ndi ili: 12 peresenti ija yandithandiza chiyani ine wogula, poti mitengo ndi yomweyo mbali zonse? Zoonadi, kupatula pang'ono monga Metro Exodus yomwe ku America inatsika kufika $49.99 pa Epic, magemu ambiri mtengo ndi umodzi. Chifukwa chimodzi n'chodziwikiratu, makampani sakonda kusiya ndalama patebulo. Koma chifukwa china chinafika kukhoti: mu 2021 kampani yaing'ono ya Wolfire Games inasumira Valve ku America, ikunena kuti opanga amaopsezedwa kuti akagulitsa motchipa kwina gemu yawo ichotsedwa pa Steam. Valve imakana zimenezo, nde ine sindigamula, koma ganizirani ngati zili zoona ngakhale pang'ono: ndiye kuti shopu yatsopano singapikisane pa mtengo, chifukwa wopanga sangayerekeze kutsitsa mtengo kwina n'kutaya msika waukulu. Njira ya mtengo yatsekeka, njira ya kukongola kwa shopu GOG yaonetsa pomwe imathera, chatsala n'chiyani kupatula kukhala ndi katundu yemwe mnzako alibe? Ndipo kusintha kwina kunaoneka ndithu. Masiku ochepa Epic isanatsegule, Valve inalengeza kuti gemu ikadutsa $10 miliyoni izitenga 25 peresenti, ikadutsa $50 miliyoni 20 peresenti, kuchotsera akuluakulu omwe ankatha kuthawa, pomwe wamng'ono wosowa kothawira akulipirabe 30 yonse. Mu 2021 Microsoft inatsitsa gawo lake pa magemu a pa kompyuta kufika 12 peresenti. Ndipo mu Epulo 2019 Sweeney ananena poyera kuti Steam ikalonjeza kupatsa opanga onse 88 peresenti mpaka kalekale, Epic isiya ma exclusive. Mukhoza kunena kuti ankadziwa kuti Valve sivomera, mwina n'zoona, koma Valve sinamuyese n'komwe.

Chomaliza chomwe otsutsa amaponya ndi chakuti zonsezi zinalephera, nde phokoso linali la chiyani? Zikalata zomwe zinatuluka pa mlandu wa Epic ndi Apple mu 2021 zinaonetsa kuti mu 2020 mokha Epic inalonjeza $444 miliyoni pa madilu amenewa, ndipo magemu ambiri sanabweze. Mu Novembala 2023, pa mlandu wina ndi Google, mkulu woyang'anira shopuyo anavomera kukhoti kuti sinayambe kupanga phindu. Steam ikungokulirakulira. Anthu ambiri anaphunzira kungodikira chaka n'kugula pa Steam pa sale. Zonsezi ndikuvomera. Koma ndalama zotayikazo zinali zandani, ndipo zinapita kuti? Zinachoka m'thumba la Fortnite n'kulowa m'malipiro a anthu opanga magemu komanso m'magemu aulere a inu ndi ine, nde ngati pali wolira ndi Sweeney, osati kasitomala. Komanso kulephera kumeneku kukuchitira umboni mfundo yanga: ngati pafupifupi theka la biliyoni pa chaka chimodzi silinasunthe khoma la Steam, ndiye kuti khomalo ndi lokhuthala kuposa momwe timaganizira, ndipo choyenera kutidetsa nkhawa ndi chimenecho. Valve ndi kampani ya anthu ochepa, siili pa msika wa masheya, lero ikutisamala chifukwa eni ake akufuna kutero. Tsiku lomwe utsogoleri udzasinthe n'kuganiza zokweza kapena kusintha malamulo, magemu athu a zaka 20 ali momwemo, ndipo tidzafuna kuti pakhale shopu ina yamoyo, ngakhale yonyansa. Epic nayo yasintha kamenyedwe, macheke akuluakulu aja achepa, mu 2023 inabweretsa First Run yomwe wopanga amasankha yekha kukhala pa Epic miyezi 6 n'kutenga 100 peresenti, kenako mu 2025 inati pa $1 miliyoni yoyamba ya gemu iliyonse pa chaka sitenga kanthu. Kwa situdiyo ya anthu atatu imeneyo si nkhani yaing'ono.

Mnzanga uja akadali pa mfundo yake, akuti Alan Wake 2 aidikira pa Steam ngakhale imvi zimere. Nditamufunsa ngati vuto ndi kutsegula akaunti ya Epic anayamba kuseka, akaunti ali nayo kale, anaitsegula mu Meyi 2020 tsiku la GTA V lija, ndipo Lachinayi lililonse amalowamo kukatenga gemu yaulere.